Dothi Lotembenuka la ku Glen Arrin

Munthu akagwa pa phompho lalitali n'kumenyetsa mutu pamiyala, miyalayo imafiira. Sajeni Ngaire Rehu anazungulira mtembo uja kawiri, maso ali pansi, koma nsangalabwi za m'mbali mwa mtsinjemo zinali zoyera mbee, ngati wina wazitsuka m'mawa womwewo.

Omwalirawo anali Dr. Lachlan Ferrier, bambo wamtali wa ndevu zaimvi. Ichi chinali chilimwe chawo chachitatu akuyendayenda m'chigwa cha Glen Arrin, kujambula mapu a dothi ndi miyala imene ayezi wamakedzana anasiya posungunuka. Tsopano anali atagona chafufumimba, dzanja limodzi lili kunsi kwa chifuwa, kuseri kwa khutu lamanja kuli bala lotalika ngati chala.

"Mwawapeza nthawi yanji, achikulire?" anafunsa Ngaire.

A Wattie Dunne, mbusa wa nkhosa wa pafamupo, anali atakhala pamwala chapoteropo, agalu awiri atagona kumapazi kwawo. Pa Glen Arrin anafikapo ali mnyamata, ndipo ntchafu yawo yakumanzere inali itawatha kale.

"Awapeza ndi agaluwa, osati ine. Cha m'ma seveni. Ine ndimapita kukaona mpanda wa kumtsinje."

"Munawagwira?"

"Ndigwirenji munthu woti wauma kale gwa?"

"Nanga dzulo munawaona?"

"Dzulo ndinali m'shedi kumeta nkhosa kumatako, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sindinatuluke, nkhomaliro ndinadyera momwemo. Ukafuna mboni ukafunse nkhosazo, mwana wa Rehu iwe. Zilipo mazana atatu."

"Ndiye mukuganiza kuti chachitika n'chiyani?"

"Munthu woyenda chozyolika, maso ali kumiyala! Ndinkawauza ine, adokotala, tsiku lina mudzaponda mphepo. Ndi zimenezitu."

Anayankhula mwaukali, koma popichira fodya theka lake linatayikira pansi.

Ngaire anagwada n'kukweza kolala ya jekete ya malemuwo. M'kati mwa kolalayo, m'tsitsi la pankhongo, ngakhale m'khutu momwe, munamatirira dongo lotuwa, lopendekera ku buluu. Anadzutsa maso n'kuyang'ana phompho lija kuchokera pamwamba mpaka pansi. Miyala ndi mchenga zokhazokha.

* * *

Pamwamba pa phompholo, pothera kamsewu ka famu, panali galimoto ya a Ferrier. Pambali pake panaima Anneke Visser, mnzawo wa ntchito, amene ananyamuka ku Twizel atangomva uthenga. Maso ake anali psuu, koma mawu ake sankagwedera.

"Dzulo ndinali ku Christchurch," anayamba yekha asanafunsidwe. "Ndinapititsa matumba a dothi ku labotale. Anthu asanu anandiona. Funsani zina."

Ngaire anatulutsa kajumbo momwe anaikamo dongo lija. Anneke anatsina pang'ono, anatikita pakati pa zala, kenako anaika pamano.

"Mayi, mukundidyera umboni."

"Ndi mmene timadziwira. Likakhala ndi mchenga limakukutika. Ili ndi losalala ngati batala. Mwalitenga kuti?"

"Pankhongo pawo."

"Sizingatheke. Dongo limeneli kuno kulibe."

Anatulutsa mapu m'galimotomo n'kuwayala pa boneti, m'makona akutsindira ndi miyala kuopa mphepo. Anali mapu opakidwa ndi mapensulo amitundumitundu, timanambala tili mbwee.

"Pachikasu ponsepa ndi miyala imene madzi osungunuka anakokolola. Ndi pamene taima pano, mpaka kumtsinje. Mukhoza kukumba mpaka mawa, dongo simulipeza. Pobiriwirapa ndi zitunda zimene ayezi anaunjika pamene anathera. M'zitundamo munakwiririka zibuma za ayezi, ndipo zitasungunuka nthaka inatitimira n'kusanduka mathamanda. Dongo lanuli limapezeka pansi pa mathamanda amenewo basi. Alipo khumi ndi limodzi."

"Kutalika kwake?"

"Maola awiri wapansi. Galimoto sifikako." Anasuzumiranso kumbuyo kwa galimoto, akuvundula matumba. "Chitsulo chawo chobowolera nthaka mulibe. Kope lawo mulibe. Pansi paja mwaliona?"

"Ayi."

"Lachlan akhoza kuiwala nsapato, koma osati kope."

Anneke anatulutsa foni yake.

"Anandisiyira uthenga dzulo, itangodutsa leveni. Ndinaumvera madzulo n'kuseka, ndimati ndiwaimbira lero."

Mawu a munthu wakufayo anamveka bwinobwino, akupuma mwawefuwefu, mphepo ikuwomba kumbuyo.

"Anneke, ndakwera pachitunda kuti foni igwire. Ndapeza zachilendo m'mbali mwa thamanda. Dothi latembenuka. Dongo lili pamwamba, matope akuda ali pansi. Ayezi sachita zimenezi, mphepo sichita zimenezi. Pamenepa panakumba munthu. Nditsikenso ndikabowole kachiwiri. Aa, kukubwera munthu uko! Ndikuimbira bwino."

Ngaire anapempha kuti aubwereze. Sankamveranso za dothi. Ankamvera mawu omalizawo, ndipo munalibe mantha m'menemo. A Ferrier anakondwa ataona munthuyo.

* * *

M'khitchini ya nyumba yaikulu munkanunkhira masikono otentha. Mayi Fenella Kinloch, mzimayi wochepa thupi wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, anathira tiyi asanafunse ngati mlendo akufuna. Famuyo ankayendetsa ndi mlongo wawo wamng'ono, Alasdair. Sanakwatiwepo.

"Khala pansi, Ngaire. Mayi ako ali bwanji ndi mawondo aja? Idya, waonda."

"Ali bwino, mayi. Bambo Alasdair alipo?"

"Ali ku Temuka kumsika wa nkhosa, chipitire Lolemba. Abwera masana ano. Zomvetsa chisoni zedi. Lachlan ankakhala pampando wakhalapowo, Lamulungu lililonse. Masikono atatu, wachinayi m'thumba."

"Munawaona liti komaliza?"

"Lamulungu lomwelo."

"Dzulo munali kuti?"

"Muno, mwanawe. Ndipitenso kuti? Maapurikoti apsa nthawi imodzi chaka chino, ndimaphika jamu."

"Kumathamanda kuja munthu angafikeko bwanji?"

Dzanja la Mayi Fenella linaima pang'ono pa tipoti, kenako linapitiriza kuthira.

"Wapansi, kaya pahatchi. Koma Lachlan wagwera kumtsinje, si choncho?"

"Hatchi zilipo zingati pano?"

"Yatsala imodzi, Bess wanga wokalamba. Akutsimphina. Sabata yatha asanatuluke m'khola."

Ngaire anayang'ana kukhoma. Pamwamba pa mbaula panali chithunzi cha bambo wa mapewa otambalala, atavala jekete yaubweya ya mandalasi ofiira ndi akuda. Mkulu Hamish Kinloch, bambo wa Fenella ndi Alasdair. Aliyense m'chigwamo ankaidziwa nkhani yawo. Zaka makumi atatu zapitazo anakwera phiri kukatsitsa nkhosa, mawa lake kunagwa chipale chofewa chimene chinapha ziweto zikwizikwi, ndipo sanaonekenso. Bambo ake a Ngaire anali m'gulu la ofufuza, anabwerako zala ziwiri zakuphazi zitafa ndi chisanu.

"Dziko lino limadya anthu," anatero Mayi Fenella ataona kumene maso a Ngaire analoza. "Linadya bambo anga. Lero ladya Lachlan."

Ngaire anamaliza tiyi n'kuimirira. Ali pakhomo anacheuka ngati wangokumbukira.

"A Wattie dzulo anabwera kudzadya?"

"Twelofu koloko, monga masiku onse. Anadyera patebulo pomwepa. Msuzi wa nkhosa ndi buledi."

"Zikomo, mayi. Masikono ndi okoma."

Ali panja anaimbira ku Temuka. Bambo Alasdair anaonedwa ndi anthu ambirimbiri, dzulo lake tsiku lonse ali pa mpanda wa msika kukangana za mitengo. Amenewo anawachotsa m'maganizo. Anatsala ndi anthu awiri ndi nkhomaliro imodzi, yodyedwa m'shedi komanso patebulo pa nthawi yomweyo.

* * *

Pa mapu paja mathamanda asanu ndi anayi anali atapakidwa kale buluu. Awiri anali oyera. Ngaire ndi Anneke anakwera wapansi, Anneke atanyamula chitsulo chake paphewa. Anadutsa zitunda za udzu wofiirira ndi miyala ikuluikulu yokhala payokhapayokha, mphepo ya kumpoto ikuwaumitsa milomo.

Pathamanda lakhumi anapeza bowo limodzi loongoka bwino, ndi kambendera kofiira ka nambala 213. Lakhumi ndi chimodzi linali kuseri kwa chitunda, lozungulira ngati mbale, madzi ake akuda bii. Panalibe kambendera.

"Imani pomwepo," anatero Ngaire.

M'mbali mwa madzimo matope anali atasesedwa ndi nthambi. Wosesayo anachita changu. Pansi pa chitsa cha udzu panatsala chidindo cha chiboda cha hatchi, chakuya, ndipo pafupi pake panali pamalo popondedwapondedwa ndi chidendene, ngati munthu amatseka bowo.

Anneke anaimika chitsulo chake chikhatho chimodzi kuchokera pamenepo n'kuyamba kupotokola. Atazula koyamba anayala dothilo papepala.

"Taonani. Kulikonse kuno pamwamba pamakhala matope akuda a udzu wovunda, pansi pake fumbi lachikasu limene mphepo inaunjika, dongo limabwera pomaliza. Zinatenga zaka zikwi khumi ndi mphambu kuti zisanjikizane choncho. Apa dongo lili pamwamba, lasakanikirana ndi zonse. Wina anakumba dzenje, pokwirira n'kungobwezera mmene fosholo yagwirira."

"Liti?"

"Si chaka chatha. Udzu wamera kale mizu yaitali."

Anapotokolanso. Kachiwiri kunatuluka matope akuda. Kachitatu chitsulo chinakana, kenako chinalowa mofewa. Anneke anazula pang'onopang'ono, ndipo atayang'ana kunsonga anachiponya pansi n'kubwerera m'mbuyo.

M'matopemo munali kafupa kofiirira, kotalika ngati ndudu.

"Mwina ndi ka nkhosa," anatero Anneke motsitsa mawu.

Ngaire anatola kansanza kamene kanakulunga fupalo n'kukaviika m'thamandamo. Matope atachoka, ubweya unaoneka. Mandalasi ofiira ndi akuda.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene Ngaire analowa m'khola la hatchi. Anali ataimbira kale akuluakulu ake ku Timaru kuti atumize anthu okafukula, ndipo Anneke anamusiya kugalimoto. Bess anaima chilili pamiyendo yonse inayi, akutafuna udzu. Miyendoyo inali yotsukidwa bwino mpaka m'mawondo.

Ngaire anakulira pafamu. Anasisita hatchiyo pakhosi, anatsetsereka ndi dzanja mpaka pansi, n'kunyamula phazi lakutsogolo. Chiboda chinali choyera. Anatenga kiyi wa galimoto n'kukolokosa pakati pa chiboda ndi kachitsulo kokhomedwa pansi pake. Panatuluka kachibuma kotuwa. Anakatikita pakati pa zala. Kosalala ngati batala.

"Isiye hatchiyo."

A Wattie anaima pakhomo atatsamira ndodo, agalu ali kumbuyo.

"Lemba kuti ndine. Onse awiri. Mkulu Kinloch ndinawapha ndine, adokotala ndawapha ndine. Lemba, ndisaina."

"Ndani wakuuzani kuti Bambo Kinloch apezeka?"

"Ndakuonani mukukwera ndi chitsulo. Sindine mwana."

"Chabwino. Kumathamanda munapita bwanji dzulo?"

"Pa Bess."

"Tamukwereni ndione."

A Wattie anayang'ana hatchiyo, n'kuyang'ana ntchafu yawo.

"Chigwa chonse chikudziwa kuti Bess sabereka munthu wina koma mwini wake," anatero Ngaire. "Mlangizi wa ziweto atayesa kumukwera anathyoka dzanja. Inu munapitako pambuyo pake, wapansi, mutaitanidwa. Munathandiza kukweza mtembo pachishalo, munautsitsira kumtsinje, munasesa matope. Koma amene a Ferrier anamuona leveni koloko anabwera pahatchi, ndipo anamukondwerera. Inu achikulire, ndani anakukondwereranipo?"

"Mwana wa Rehu, pakamwa pako..."

"Siya, Wattie. Wandisenzera zokwanira."

Mayi Fenella analowera khomo lakumbuyo, epuloni ili m'chiuno, ufa uli m'manja. Anakhala pa belo la udzu n'kuwongola siketi pamawondo.

"Mayi," anatero Ngaire, "musanayankhule, dziwani kuti muli ndi ufulu wokhala chete ndi woitana loya."

"Ndakhala chete zaka makumi atatu, mwanawe. Zakwana." Anapukuta manja pa epuloni. "Mayi anga anamwalira ndi nthiti zitatu zothyoka, pachikalata n'kulembapo chibayo. Atapita iwo, inafika nthawi yanga. Wattie akudziwa, ndi amene ankandimanga mabandeji. Ine ndikanapirira. Koma tsiku limenelo, tili kumathamanda kusonkhanitsa nkhosa, bambo anandiuza kuti Alasdair akamaliza sukulu ku Timaru abwere, adzamuwongola ngati mmene anawongolera mayi ake. Anayankhula akuseka. Ine ndinali ndi mfuti yophera tizilombo pachishalo."

A Wattie anakhala pansi pomwe anaimapo, chipewa chili m'manja.

"Wattie anakumba. Mawa lake chipale chinagwa, n'kutibisira zonse. Ndinkati ndi Mulungu wandikhululukira. Bambo ako anataya zala chifukwa cha ine, Ngaire. Chaka chilichonse ndinkawatumizira mwendo wa nkhosa, iwo n'kumati ndine wachifundo."

Mwendo umenewo Ngaire ankaukumbukira. Ankaudya pa Khirisimasi.

"Nanga a Ferrier?"

"Anandiuza Lamulungu kuti atsala ndi mathamanda awiri. Ndinapita kuti ndikawanyengerere adumphe lomalizalo, ndimati ndiwauza kuti kuli matope omeza munthu. Ndinachedwa. Anandithamangira akumwetulira, kansalu kali m'manja. Akuti, Fenella, mwina ndawapeza bambo anu! Ankaganiza kuti akundipatsa mphatso." Anawongolanso siketi pamawondo. "Kenako anayang'ana dothi lawo lija, n'kuyang'ana ine. Ndinaona nkhope ikusintha. Munthu wofera m'chipale sadzikwirira yekha. Anangowerama kuti atole kope, ndipo chitsulo chinali pafupi ndi phazi langa."

"Chili kuti?"

"M'thamandamo. Kope ndinaotcha mu mbaula. Za bambo sindipepesa, ukalembe choncho. Za Lachlan, sindikudziwa kuti ndingapepese kwa ndani. Analibe mkazi, analibe mwana. Anali ndi mpando uja basi."

* * *

Ngaire sanawamange unyolo. Anawatsegulira chitseko chakumbuyo, Mayi Fenella n'kulowa, a Wattie n'kutsatira movutikira. Asanalize galimoto, kumsewu kunabuka fumbi. Lole ya nkhosa inaima mwadzidzidzi pabwalo, ndipo Bambo Alasdair Kinloch anadumpha injini ikulirabe. Anali chimunthu chachikulu, mapewa ngati a pachithunzi paja, koma ankalira poyera ngati kamwana.

"Achemwali! Achemwali muli kuti? Ndakumana ndi apolisi a ku Timaru pamlatho, akuti kumathamanda kwapezeka mafupa! Awapeza bambo!"

Anathamangira kukhomo la nyumba. Ali pakati pa bwalo anaona amene anakhala m'galimoto ya polisi, ndipo anaima.

Ngaire anatsika n'kuwauza. Sanazungulire, chifukwa panalibe njira yabwino yonenera. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira, kenako anayenda pang'onopang'ono kufika pazenera. Mayi Fenella anatsitsa galasi.

"Chaka chilichonse chipale chikasungunuka ndimakwera phiri lija kukawafuna," anatero Bambo Alasdair. Mawu awo anali otsika kwambiri moti Ngaire anachita kutchera khutu. "Makwawa onse ndinawatsika ndi chingwe. Zaka makumi atatu. Inu mumadzuka m'mamawa kundikonzera kamba."

"Inde."

"Mumandiuza kuti ndikayese chakumpoto, kutali ndi mathamanda."

"Inde. Nthawi zonse chakumpoto."

"Ine sanandimenyepo, achemwali. Ngakhale kamodzi."

"Ndikudziwa, Alasdair," anatero Mayi Fenella. "Sindinawapatse mpata."

Bamboyo anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja ali lende. Kenako anatembenuka n'kuyenda kupita kugeti la famu. Anamasula tcheni, anakankha getilo mpaka kumapeto, n'kuligwira atafulatira msewu. Ngaire anadutsa pang'onopang'ono. Atayang'ana pagalasi ali patali, geti linali likadali lotsegula, bamboyo ataligwirabe.